Mawu akale a Chingerezi: liwu ndikulidziwa koma chiganizo sichikumveka

Chiwerengere

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikuwerenga Baibulo la Chingerezi la King James pamodzi ndi makalata ndi mawilo (zikalata zogawira chuma cha masiye) a ku England a zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Pali malo amene liwu lililonse ndikulidziwa, koma chiganizo chonse chikukana kumveka. Pa Aroma 1:13 Paulo akuti ankafuna kupita ku Roma "but was let hitherto". Ngati "let" ndi kulola, analoledwa bwanji koma osapita? Pa Levitiko 2 akukamba za "meat offering", chonsecho zotchulidwa ndi ufa, mafuta ndi lubani, nyama mulibe. Nanga "thou", "thee", "ye" ndi "you", pali lamulo kapena ankangolemba mmene kwawakomera? Dikishonale ya pa foni ikungondipatsa matanthauzo a lero. Ndiyambire pati?

Mtanthauzira

A Chiwerengere, mwaponda pomwe pali mbuna. Mawu achilendo ngati "besom" pa Yesaya 14:23, lomwe ndi tsache, kapena "kine" za m'maloto a Farao pa Genesis 41, zomwe ndi ng'ombe zazikazi, savuta kwenikweni. Ukangoliona umadziwa kuti ili n'lachilendo, n'kukalifufuza. Ogwetsa munthu ndi mawu ovala nkhope ya masiku onse pomwe tanthauzo lake linasamuka kalekale. Umadutsapo osakayika, koma wamva zina.

"Let" wanuyo ndi aneni awiri amene anagundana. M'Chingerezi cha zaka 1,000 zapitazo munali "lætan", kulola, ndi "lettan", kutsekereza kapena kuchedwetsa, wachibale wa liwu lakuti "late". Zaka zitapita onse awiri anayamba kulembedwa ndi kutchulidwa mofanana. Paulo akunena kuti anatsekerezedwa. Mneni wachiwiriyu sanatheretu: m'pasipoti ya ku Britain muli mawu akuti "without let or hindrance", ndipo pa tenisi mpira woyambitsira ukakhudza ukonde n'kugwera pabwino, woyimbira amakuwa kuti "let", ndiye kuti wasokonezedwa, ubwerezedwe. "Cleave" naye ali choncho. Pa Genesis 22:3 Abrahamu "clave the wood", anawaza nkhuni, pomwe pa Rute 1:14 Rute "clave unto her", anakakamira apongozi ake. Zilembo zomwezo, kwina kugawa pakati, kwina kumamatira.

"Meat" chinali chakudya cha mtundu uliwonse, ndipo nyama ankati "flesh". N'chifukwa chake pa Genesis 1:29 zomera ndi zipatso zikuperekedwa kwa munthu "for meat". Ya pa Levitiko 2 ija ndi nsembe yaufa. "Corn" nayenso ku England ankaimira mbewu yamaso iliyonse, makamaka tirigu ndi barele. Chimanga chinachokera ku America, sichikanapezeka m'nkhokwe za Yosefe kapena m'minda imene ophunzira ankabudulamo ngala pa Marko 2:23.

"Prevent" anachokera ku Chilatini, "prae" patsogolo, "venire" kubwera, ndiye tanthauzo lake loyamba linali kutsogola. Wolemba Salimo 119:147 ponena kuti "I prevented the dawning of the morning" sakudzitama kuti analetsa kunja kucha. Analawirira mbandakucha usanafike. Pa 1 Atesalonika 4:15 amoyo sadzatsogola akufa. Kuchoka pa kutsogola kufika pa kuletsa mtunda wake ndi waufupi: amene wakutsogola pakhomo ndiye angakutsekere.

Ena ofunika kuwasunga pamtima: "suffer" ndi kulola, monga pa Marko 10:14 pa za tiana tija. "Careful" ndi wodzala nkhawa, choncho "be careful for nothing" pa Afilipi 4:6 si chilolezo chokhala wosasamala, akuti musade nkhawa. "Want" ndi kusowa, osati kufuna, Salimo 23:1. "Conversation" ndi makhalidwe, 1 Petro 3:1, ndipo vesi limenelo limamveka mozondoka ukaliwerenga ngati kucheza, pakuti likunena za kukopa mwamuna popanda mawu. "Nephews" pa 1 Timoteo 5:4 ndi zidzukulu, ana a ana ako. "Carriages" zimene ananyamula pa Machitidwe 21:15 ndi katundu, osati ngolo. "Quick" ndi wamoyo, n'chifukwa chake "the quick and the dead" ndi amoyo ndi akufa, ndipo mekyule ankatchedwa "quicksilver", siliva wamoyo, poti amathamangathamanga.

Gulu lina limaseketsa. "Anon", "presently" ndi "by and by" onse ankatanthauza nthawi yomweyo, pompano. Pa Marko 6:25 mwana wamkazi wa Herodiya akufuna mutu wa Yohane Mbatizi "by and by in a charger", ndiye kuti tsopano lino, m'mbale yaikulu. Lero onse atatu akutanthauza pakapita kanthawi. Anawafooketsa ndi anthu olonjeza, mofanana ndi "ndikubwera pompano" amene amathera dzuwa litalowa.

Nangondo

Za "thou" lamulo lilipo, ndipo kwa ife n'lofewa kuposa kwa Mngerezi wa lero, poti tili ndi "iwe" ndi "inu". Oyamba ndi th ndi a munthu mmodzi: "thou", "thee", "thy", "thine". Oyamba ndi y ndi a anthu ambiri: "ye", "you", "your", "yours". "Thou" ndi "ye" ndi ochita ntchito m'chiganizo, "thee" ndi "you" ndi ochitidwa kapena olandira. "Thy" amakhala patsogolo pa liwu loyamba ndi lembo lopanda liwu, "thy word", pomwe "thine" amakhala patsogolo pa lembo laliwu, "thine eyes", nthawi zambiri ndi pa h yemwe, kapena akaima yekha kutanthauza chako. "My" ndi "mine" ankayendanso choncho.

Phindu lake mulione pa Luka 22:31 ndi 32. Yesu akuuza Simoni kuti Satana wapempha "you", ndiye kuti ophunzira onse, kenako akuti ndapempherera "thee", Simoni yekha. Pa Yohane 3:7 akuti ndanena kwa "thee", Nikodemo, kuti "ye", nonsenu, muyenera kubadwanso. Chingerezi cha lero chili ndi "you" yekha, ndiye kusiyanaku kumasowa.

Koma chenjerani apa. M'Baibulo la King James la 1611 omasulira ankatsata Chiheberi ndi Chigiriki, choncho "thou" akungowerenga anthu, mmodzi kapena ambiri, sakunena za ulemu. Mulungu ndi "thou", Satana nayenso ndi "thee" pa Mateyu 4:10. M'kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi imeneyo zinali zina: "thou" anali "iwe" weniweni, wa mwana, wantchito, wokondedwa kapena munthu amene ukufuna kumunyoza, ndipo "you" anali "inu" waulemu ngakhale kwa munthu mmodzi. Pa mlandu wa Sir Walter Raleigh ku Winchester mu 1603, woimira boma Edward Coke anamulalatira kuti "I thou thee, thou traitor", kunena kuti ndikukutchula iwe dala, woukira iwe. A mpingo wa Quaker ankakana kuti "you" kwa munthu mmodzi, kaya akhale woweruza, ndipo ankaoneka amwano chifukwa cha zimenezo. Mapeto ake "inu" waulemuyo anameza "iwe", ndipo "thou" anatsalira m'mapemphero, m'ndakatulo ndi m'malankhulidwe a kumpoto kwa England monga ku Yorkshire. Anthu ambiri lero amaganiza kuti "thou" ndiye liwu laulemu kwambiri chifukwa amangolimva m'tchalitchi. Ndi mozondoka.

Mneni amatsatira mwini wake. Ndi "thou" amathera ndi -est kapena -st: "thou goest", "thou hast", "thou dost", kupatula ochepa ngati "art", "wilt" ndi "shalt". Ndi "he", "she" kapena "it" amathera ndi -eth: "he goeth", "hath", "doth", "saith". Ndi "I", "we", "ye" ndi "they" palibe chophatikiza. Mukaona wina walemba "I goeth" kapena "thou hath", dziwani kuti ndi wa lero akuyerekeza zakale. Komanso omasulira a 1611 sankagwiritsa ntchito "its", ankati "his" ngakhale pa chinthu. Mchere wa pa Mateyu 5:13 wataya "his savour", koma sikuti ausandutsa munthu.

"Hitherto" wa m'funso lanu ali m'banja losavuta. "Hither", "thither", "whither" ndi kubwera kuno, kupita uko, kupita kuti. "Hence", "thence", "whence" ndi kuchoka pano, kuchoka uko, kuchokera kuti. "Hitherto" ndi kufikira tsopano. Mawu ophatikiza oyamba ndi here-, there- ndi where- muziwatembenuza: "therein" ndi "in that", "hereof" ndi "of this", "whereby" ndi "by which". Mukatero "wherefore" akhala "for what", ndiye kuti chifukwa chiyani. Juliet wa m'sewero la Shakespeare ponena kuti "wherefore art thou Romeo" sakufunsa kumene mnyamatayo ali. Akudandaula kuti n'chifukwa chiyani ali Romeo, mwana wa banja la adani.

Kamtedza

Ine ndigwire za makalata ndi mawilo, chifukwa kumeneko kulakwa liwu limodzi kumasintha tsiku, ndalama kapena chibale.

Masiku choyamba. "Inst." ndi mwezi uno, "ult." ndi mwezi watha, "prox." ndi mwezi wamawa. Kalata yolembedwa pa 3 Meyi yonena za "your letter of the 28th ult." ikunena za pa 28 Epulo. "Sennight" ndi usiku 7, sabata imodzi, ndipo "fortnight" ndi usiku 14. M'zolemba zakale kuposa pamenepo mupeza "7ber", "8ber", "9ber" ndi "10ber" kapena "Xber". Musawerenge Julayi mpaka Okutobala. Ndi Seputembala mpaka Disembala, potsata manambala a Chilatini amene ali m'mayina a miyeziyo. Chaka cha boma ku England chinkayamba pa 25 Malichi mpaka pamene anasintha kalendala mu 1752, chaka chomwe anadumphanso masiku 11, kuchoka pa 2 Seputembala kufika pa 14. Chikalata cholembedwa kuti 10 Febuluwale 1720 n'chotheka kuti mwa kawerengedwe kathu ndi cha 1721, n'chifukwa chake ena ankalemba 1720/21.

Ndalama zinkalembedwa £ s d. Mapeni 12 ndi shiling'i imodzi, mashiling'i 20 ndi paundi, ndiye paundi inali mapeni 240 mpaka pa 15 Febuluwale 1971. Chilembo d chikuimira peni, kuchokera ku "denarius" ya Aroma. "Farthing" ndi gawo limodzi la magawo anayi a peni, "groat" mapeni 4, "crown" mashiling'i 5, "guinea" mashiling'i 21. Mukaona 2/6, si deti kapena gawo la nambala, ndi mashiling'i 2 ndi mapeni 6. M'Baibulo "penny" ndi dinari, malipiro a tsiku lathunthu la waganyu pa Mateyu 20:2, choncho mwini munda wamphesa uja sanabere aliyense.

"Score" ndi 20. "Threescore years and ten" pa Salimo 90:10 ndi zaka 70, ndipo "four score and seven years" zimene ananena pulezidenti wa America Abraham Lincoln mu 1863 ndi zaka 87, zomwe zikukubwezani ku 1776. "Furlong" ndi mayadi 220, pafupifupi mamita 201, ndipo asanu ndi atatu amapanga mailo. "Chain" ndi mayadi 22. Ekala ndi "furlong" imodzi m'litali ndi "chain" imodzi m'lifupi, masikweyayadi 4,840. "Rod", "pole" ndi "perch" ndi muyeso umodzi, mafiti 16 ndi theka. "Fathom" ndi mafiti 6. "Stone" ndi mapaundi 14 a kulemera, makilogalamu 6.35. "Hundredweight" ndiye wonyenga: ku Britain ndi mapaundi 112, ku America 100. Pa Luka 24:13 "furlong" akumasulira sitadiya ya Agiriki, pafupifupi mamita 185, ndiye mudzi wa Emau, umene vesilo likuti uli pa ma "furlong" 60, uli pa mtunda wa makilomita 11 kuchokera ku Yerusalemu.

M'mawilo, "relict" ndi mkazi wamasiye wa malemuyo. "Issue" ndi ana ndi zidzukulu, choncho "died without issue" ndi kumwalira osasiya mwana, osati kumwalira popanda vuto. "Messuage" ndi nyumba pamodzi ndi tinyumba take ndi malo oizungulira. Ambiri amawerenga "message" n'kumafunafuna uthenga. "Devise" ndi kusiyira munthu malo kapena nyumba, "bequeath" ndi kumusiyira katundu wonyamulika, amene ankatchedwa "chattels". Mawu achibale ndiye oterera kwambiri. "Cousin" ankatha kukhala m'bale aliyense wapatali. "Mother-in-law" nthawi zina ndi mayi wopeza, ndipo "son-in-law" mwana wopeza. Musajambule mtengo wa banja pa liwu limodzi musanaone mayina ndi zaka m'zikalata zina.

Ntchito za anthu: "cordwainer" amasoka nsapato zatsopano, dzina lochokera ku chikopa cha ku Córdoba, pomwe "cobbler" amakonza zakutha. "Cooper" ndi wopanga migolo, "chandler" wa makandulo, "ostler" wosamalira akavalo pa nyumba ya alendo. Matenda: "consumption" ndi chifuwa chachikulu, "ague" kutentha thupi konjenjemeretsa, kawirikawiri malungo, "dropsy" kutupa kwa madzi m'thupi, "apoplexy" sitiroko.

Chiwerengere

Zikomo nonse, maso atseguka. Tsono dikishonale yoyenera ndi iti? Komanso ndikumapeza "ye" pamene sakutanthauza anthu, monga "ye house", ndi mawu ngati "fuch" ndi "vnto" amene sakupezeka paliponse.

Nangondo

Amenewo ndi a zilembo, achimwene, mawu ake mukuwadziwa kale. Chingerezi chinali ndi chilembo þ, chotchedwa "thorn", choimira th. Chiayisilandi chikadali nacho. M'zolemba pamanja chinayamba kufanana ndi y, ndipo osindikiza, amene zilembo zawo zachitsulo zinkachokera kunja kwa England, ankangoikapo y. "Ye house" ndi "the house" ndipo ankatchula choncho. "Yt" ndi "that". "Fuch" ndi "such" wolembedwa ndi s yaitali, ſ. Yang'anitsitsani kamzere kapakati: pa f kamadutsa mbali zonse ziwiri, pa s yaitali kali kumanzere kokha kapena palibe. Sinkalembedwa kumapeto kwa liwu, ndipo osindikiza anaisiya cha m'ma 1800, ngakhale olemba pamanja anapitiriza nayo. U ndi v chinali chilembo chimodzi, v koyambirira kwa liwu, u pakati, ndiye "vnto" ndi "unto", "loue" ndi "love". I ndi j chimodzimodzi. Baibulo la King James limene anthu ambiri ali nalo lero likutsata kope limene Benjamin Blayney anakonza ku Oxford mu 1769, n'chifukwa chake zimenezi simuzionamo pokhapokha mutapeza chithunzi cha la 1611.

Mtanthauzira

Musanatsegule dikishonale iliyonse, pezani chaka chimene cholembedwacho chinalembedwa. Chingerezi cha zaka za 1150 zisanafike, chotchedwa "Old English", ndi chilankhulo china, chofunika kuchiphunzira pachokha ndi dikishonale ya Bosworth ndi Toller. Cha pakati pa 1150 ndi 1500, cha nthawi ya mlakatuli Chaucer, chili ndi Middle English Dictionary ya ku University of Michigan, yaulere pa intaneti. Shakespeare ndi King James ndi a nyengo ya 1500 mpaka 1700, ndipo kuwatcha "Old English" ndi kulakwitsa komwe kungakutumizeni ku buku lolakwika.

Kenako bwezani liwulo pa tsinde lake, pakuti dikishonale imasunga mneni pa tsinde. Pa Genesis 25:29 Yakobo "sod pottage". Mukafufuza "sod" mupeza chibuma cha udzu. Imeneyo ndi nthawi yakale ya "seethe", kuwiritsa, ankaphika mphodza. "Wist" ndi "wot" ali pansi pa "wit", kudziwa. "Durst" ali pa "dare", "wrought" pa "work", "holpen" pa "help". Onaninso ngati simunalumikize mawu awiri. Pa Genesis 2:18 "an help meet for him" ndi womuthandiza womuyenera, "meet" kutanthauza woyenera, koma owerenga anawamata n'kubala dzina latsopano "helpmeet".

Mfumu ya ntchito imeneyi ndi Oxford English Dictionary. Gawo lake loyamba linatuluka mu 1884, yonse inatha mu 1928, ndipo kope la 1989 lili ndi mabuku 20. Tanthauzo lililonse lili ndi ziganizo zotapidwa m'mabuku pamodzi ndi zaka zake, ndipo kampeni † kamasonyeza tanthauzo limene linafa. Matanthauzo anawandandalika mwa mbiri, choncho loyamba ndi lakale kwambiri, osati lofala kwambiri monga zilili m'madikishonale a ophunzira. Ntchito yanu ndi kupeza matanthauzo amene anali amoyo m'chaka cha cholembedwa chanu, n'kuyesa lililonse m'chiganizo. Tengani "nice". Anachokera ku Chilatini "nescius", wosadziwa. Cha m'ma 1300 anali wopusa, m'zaka za m'ma 1500 anali wosankhasankha kapena wolondola mpaka pa kachinthu kakang'ono, ndipo tanthauzo la chosangalatsa linakhazikika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Kalata ya 1720 yonena kuti munthu ndi "nice in his diet" ikuti ndi wovuta pa chakudya. "Silly" anayenda ulendo wotsika: wodalitsika, wosalakwa, womvetsa chisoni, kenako wopusa.

Ya Oxford imafuna kulipira kapena kulowera ku laibulale yolembetsa. Zaulere zothandiza pa makalata anu ndi ya Samuel Johnson ya 1755 ndi ya Noah Webster ya 1828, chifukwa zikuonetsa zimene anthu a nthawiyo ankamva. Liwu lakumudzi lingapezeke mu English Dialect Dictionary ya Joseph Wright, mabuku 6 a 1898 mpaka 1905. Pa zizindikiro za m'dikishonale, olemba madikishonale a Merriam-Webster amati "obsolete" ngati palibe umboni wakuti liwu lagwiritsidwa ntchito chiyambire 1755, ndipo "archaic" ngati linali lofala kale koma lero limangotulukira apo ndi apo.

Pa Baibulo pali njira yachidule: ikani vesi lomwelo pambali pa kumasulira kwatsopano, kapena kwa chilankhulo chimene mumachimva bwino. Pamene ziwirizo zasemphana, kawirikawiri pali liwu losamuka.

Kamtedza

Ndionjezere chenjezo pa mindandanda ya "mawu okongola oiwalika" imene imazungulira pa Facebook. Ena mwa mawuwo ndi enieni, monga "overmorrow", mkuja, ndi "ereyesterday", dzana, amene ali m'Baibulo la Coverdale la 1535, koma umboni wake m'mabuku ndi wochepa kwambiri. Ena anangolembedwa kamodzi m'dikishonale, olemba ena n'kumakoperana. Liwu lopanda chiganizo ndi chaka chake musalikhulupirire msanga. Ngakhale akatswiri amapunthwa: mu Webster's New International Dictionary ya 1934 munalowa liwu lakuti "dord", lotanthauzidwa "density", kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi kukula kwake. Linachokera pa kapepala kolembedwa "D or d", kosonyeza kuti D wamkulu kapena wamng'ono ndi chidule cha "density", wina n'kuwerenga ngati liwu limodzi. Mkonzi anadzazindikira mu 1939 ataona kuti pa liwulo palibe mbiri ya kumene linachokera.